Dzina Lanu Pamsana pa Azungu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno kwa azungu ku Barking tilipo, kungoti kuzizira kwafika poti madzi a pampopi akuluma zala. Chikuikireni m'manda pa Lizulu chaka cha referendamu chija sindinakulembereni, ndipo papita zaka zinayi. Mundikhululukire. Lero ndakhala pansi chifukwa ndili ndi nkhani yoti ndikapanda kuuza inu indiphulikira pamtima.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Ntchito ya unamwino ikadalipo kuchipatala chija cha ku Edmonton, ndipo mawondo ayamba kundikumbutsa zaka zanga ndikamathamangira basi. Kadimba kamene a khonsolo anandibwereka kandipatsa nkhwani wambiri chaka chino, koma chimanga chinangotalika ngati bango, chisanu n'kuchiwamba chisanabereke. Achimwene alemba kuti nyumba yanu aifolera ndi malata. Makina osokera amene ndinagula kuno akugwirabe ntchito, ngakhale salira mokoma ngati anu aja a pakhonde la golosale.

Nkhani yaikulu ndi iyi: muli ndi mdzukulutuvi. Tadala wanu uja, amene munkamusokera madiresi a sukulu tisanabwere kuno, wabereka mwana wamkazi mwezi wathawu. Tamutcha Enelesi, dzina lanu. Ali ndi mphumi yanu, ndipo akakwiya amakunga chibakera monga munkachitira inu munthu akakunamizani.

Mufunsa kuti bambo wake ndani. Dzina lake sindilemba, Amayi, chifukwa zala zanga zatopa nalo. Ndizingomutchula Nayintini, nambala yomwe inali pamsana pake.

Kuno kuli masewera otchedwa hoke. Amathira madzi m'chinyumba chachikulu n'kuwaumitsa, kenaka amuna akuluakulu amavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi, n'kumathamangitsana ndi ndodo zokhota kulimbirana kanthu kakuda konga kachitini ka polishi. Mukanaona mukanati ntchito yawasowa. Mnansi wanga Maureen, mzungu wa zaka zanga, ndiye mtsogoleri wa masapota a timu ya kuno. Iye atamva makina anga akulira anayamba kundibweretsera majezi awo, zimalaya zazikulu ngati thumba la feteleza, kuti ndizisokerapo mayina a osewera kumsana. Mwa majezi khumi aliwonse, asanu ndi atatu ankafuna dzina la Nayintini. Anali wochokera ku Canada, womwetsa zigoli kuposa onse. Ndinasoka dzinalo kambirimbiri ndi manja angawa, osadziwa kuti ndikusoka tsoka la m'nyumba mwanga.

Tadala ankagulitsa tiyi kubwalo la masewerawo Loweruka ndi Lamlungu, uku akuphunzira ku yunivesite. Kumeneko n'kumene anaonana. Mnyamatayo anafika mpaka pakhomo panga, anadya nkhuku yanga, n'kumanditchula kuti "Mama". Ndinakumbukira mawu anu aja akuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma ndinadziletsa poopa kuoneka wachikale. Tsono uyu kuterereka inali ntchito yake yeniyeni. Tadala atamuuza kuti ali ndi pakati, sipanathe mwezi, tinangomva kuti wasamukira ku timu ya kumpoto, adani enieni a timu yathu. Pa foni anauza mwana wanga kuti sakudziwa ngati mimbayo ndi yake. Mwana wanga, Amayi, amene ankapita kukwaya Lachisanu lililonse!

Masapota nawo anapsa mtima, koma musaganize kuti ankalirira Tadala. Iwo ankalirira zigoli. Mwambo wawo ndi wakuti wosewera wotchuka akawathawa, ena amamata pepala pa dzina lake, ena amaponya jezi m'bini, ena amaiwotcha. Maureen anakonza zoti asonkhe moto mu mgolo kuseri kwa bwalo, ndipo anadzanditenga kuti ndikaponye jezi yoyamba. Ndinapita ndi mtima wonse. Koma nditaigwira nsalu ija, nditaona mizere ya ulusi wanga womwe, ndinamva inu mukuti, nsalu ilibe mlandu, wolakwa ndi wovala. Inu amene simunkataya ngakhale kachigamba kochepa ngati chikhadabo. Dzanja langa linakana.

Ndinawauza kuti moto umatha msanga, ndipo munthuyo ali kutali, sadzamva ngakhale fungo la utsi. Ndinati andipatse majeziwo. Ndinabwera nawo kunyumba m'matumba atatu akuda, oposa makumi anayi.

Milungu yonse yotsatira ndikaweruka ndinkakhala ndi lezala, kumasula ulusi umodziumodzi. Ndikuuzeni zoona, palibe ntchito yomwe inandikomerapo chonchi. Ndikamatula dzina limodzi ndinkamva ngati ndamuzula dzino. Tinsalu ta dzina lake sindinataye. Mwana atabadwa tinayamba kupukutira masanzi ake, ndipo limenelo ndilo thandizo lokhalo limene bamboyo wapereka. Ngakhale pamenepo tinsaluto sitimwa madzi bwino, tangotengera ulesi wa mwini wake.

Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali china. Tadala anasunga jezi imodzi, yomwe mwini wakeyo ankavala, ndipo anandiletsa kuikhudza. Kuno mwana amayenera kulembetsedwa ku boma pasanathe milungu isanu ndi umodzi, koma iye ankangozengereza, chifukwa ankafuna kuti Enelesi alembedwe ndi dzina la bambo wakeyo. Ankakambanso zosiya sukulu kuti amutsatire kumpoto. Ndikamuletsa ankati, "Mum, simukumudziwa. Akangomuona baby asintha, I promise." Ine ndinkangoti, dzina la amayi anga lisagundane ndi la munthu ameneyo pa pepala limodzi ndili moyo.

Timu yake yatsopano inali yoti ibwere kudzasewera kuno Lamlungu lapitalo. Ndinadula zilembo zatsopano zoyera, ndipo pa jezi iliyonse, pamwamba pa nambala ija, ndinasokapo ENELESI, n'kumupatsa Maureen kuti abwezere eni ake. Tadala sindinamuuze, ndipo pamenepo ndikuvomera kuti ndinalakwa.

Tsikulo iye anavala jezi yake ija, n'kumukulunga mwana m'mabulangete atatu. Kubwaloko ine ndinakhala pambali pake. Osewera atayamba kulowa, dzina la Nayintini litatchulidwa pa chimkuzamawu, Maureen anakweza dzanja. Mbali yathu yonse inaimirira n'kutembenuka, kumupatsa msana. Sanakuwe, sanatukwane. Amayi, ndinaona dzina lanu pamisana ya azungu oposa makumi anayi, madalaivala a basi, agogo a imvi, zibambo za mimba zikuluzikulu. Inu amene munasoka zaka makumi atatu pakhonde la eni ake, popanda ngakhale chikwangwani cha dzina lanu. Ndinalira, ndipo sinali misozi ya chisoni.

Nayintini anawerenga. Ndinamuona akuchepetsa liwiro, milomo ikuyenda. Dzinalo ankalidziwa, pakuti Tadala anamulembera kalata mwana atabadwa. Masewera onse ankangophonya, ndipo anatulutsidwa kawiri chifukwa cha ndewu. Ine mtima unali mbee. Koma Tadala anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kunena kuti, "Mwandiyalutsa, Mum. Everybody knows now." Ankanena zoona.

Masewera atatha anakaima pakhomo lotulukira osewera, mwana ali m'manja. Ine ndinaima chapatali. Nayintini anatuluka ndi chikwama paphewa, anthu a timu yake atamuzungulira. Atafika pa Tadala sanayang'ane m'bulangete ngakhale pang'ono. Anatulutsa cholembera, anasaina paphewa la jezi ija monga amachitira ndi sapota aliyense, n'kukwera basi. Amayi, ndikanakhala ndi imodzi mwa ndodo zawo zija, kalatayi mukanailandira kuchokera kundende.

Kunyumba Tadala anakhala masiku awiri osandiyankhula. Ndinkaopa kuti kubwezera kwanga kwandilanda mwana. Lachitatu m'mawa ndikusita yunifolomu, anatulukira ndi jezi ija n'kukhala pampando wa makina. Ndinatambasula dzanja kuti ndiilandire, koma anakana. Anati, "Ayi, ndipanga ndekha. Just show me, lezala mumagwira bwanji?" Ndinamuonetsa monga munandionetsera inu, kuti aiyendetse chogoneka, adule ulusi wachitatu uliwonse, nsalu isabooke. Anadzicheka chala kamodzi, koma anamaliza. Malo amene anasainidwa aja anawadula ndi sizasi, ndipo ine ndinatseka bowolo ndi chigamba cha chitenje chanu chobiriwira chija ndinatenga pamaliro.

Masana ake tinakwera basi kupita kukalembetsa mwana. Mayi wa mu ofesimo atafunsa dzina, Tadala anayankha yekha, mokweza, kuti Enelesi Mbewe. Sukulu abwerera mwezi wa mawa, ndipo ine ndapempha kuti andisinthire mashifiti kuti ndizilera. Za majezi zija sanandikhululukire kwenikweni, ndipo wandilonjezetsa kuti sindidzachitanso chinthu chokhudza iye mwamseri. Ndalonjeza.

Ndikudziwa zimene mukananena, kuti kubwezera n'kwa Mulungu, ndiponso kuti choipa chitsata mwini. Sindikutsutsa, Amayi. Ine ndinangochiwonetsa njira kuti chisasochere. Kukhululuka ndidzakhululuka mwina, koma osati chaka chino. Timu yakeyo ibweranso kawiri nyengo ya masewera isanathe, ndipo Maureen wabweretsa majezi ena asanu ndi awiri. Ulendo uno ndinayamba ndafunsa Tadala. Anangoti ndisoke mowongoka.

Mupatse moni abambo ngati mumaonana. Mwanayu akangoyamba kuyenda ndidzabwera naye pa Lizulu, ndidzamuimike pamanda panu atavala diresi losokedwa ndi ine, kuti muone nokha amene watenga dzina lanu. Limenelo palibe adzalimasule pamsana pake.

Ndine mwana wanu wokukondani, wouma mutu monga munamusiyira,

Agnesi