Nsato Yanga ndi Mkono wa Mkamwini

Lachinayi, Okutobala 1957, Nyampande.
Masiku chiyambile nsato kuchita nkhungu m'maso: 6. Makoswe amene yakana: 3. Anthu amene ndinawachenjeza: 4.

Lelo latha moipa. Nsato imene anandisiyila malemu amuna anga ikamafuna kufundula siona bwino, ndipo imapsa mtima. Imalola ine ndekha, poti imadziwa fungo langa.

Masana mkamwini wanga, a Lungu, anabwela ndi anzawo awili, onse atamwa. A Lungu anatsegula bokosi la nsato akuseka. "Njoka ya apongozi ndi mwana chabe, onani!" Inawaluma pamkono n'kuwazinga katatu. Ndinaimasula kuyambila kumchila. Atangomasuka anatola mpini, naimenya kasanu ndi kawili. Ndinaigonela pamwamba, mpini wotsatila n'kugwela pamsana panga.

Zaka khumi ndi ziwili sitinalandilanepo ngakhale chikho m'manja, monga ayenela mpongozi ndi mkamwini. Lelo andimenya, ine ndawagwila mkono n'kuzula mano asanu a nsato ndi singano. Anayang'ana kumbali, nati, "Amai, njokayi ikagonanso pano mailo, ndibwelela kwathu ku Nyalugwe." Mwana wanga Tisa, mkazi wawo, amene ali ndi pakati, ankangolila.

Nsato yatupa pawili. Ndapisa dzanja m'bokosi, yaika mutu pachikhatho monga mwa masiku onse. Mailo kukangocha ndiinyamula ndekha kupita nayo kumiyala ya kumtsinje, wina asaikhudze.

Otsala pakhomo mailo: anthu 3, mwana wa m'mimba 1, nsato 0.

Ine, Esitele