Mphini za Makala

Amayi, kodi muli bwanji uko muliko?

Kuno ku Kalingalinga tilipo. Unga wa nsima wakweranso mtengo, ndipo kampani ija ankagwirako ntchito ba Yohane, mwana wanu woyamba, inatsekedwa. Ine ndikuphwanyabe miyala pamalo panu paja m'mbali mwa msewu. Mwana wanga Tiyese, uja munamusiya akukwawa, wayamba sukulu.

Koma ndakwiya, Amayi. Mukudziwa kuti ine pakamwa mpolemera, n'chifukwa chake ndikuuza inu.

Chithereni ntchito, ba Yohane amalemba masewero, anyamata n'kumasewera pamsika. Loweruka ndinapita ndi Tiyese kukaonera. Kunatulukira mnyamata atavala chitenje chanu chobiriwira, chija ba Yohane anatenga pamaliro anu kuti azikukumbukirani nacho. M'masaya anamulemba mphini ndi makala, ngati zanu. Ankayenda chowerama, akukoka Chichewa chanu cha ku Katete, kondakitala wa minibasi akumuzazira kuti mbuya wa kumudzi sadziwa tauni. Anthu anaseka mpaka misozi.

Kenako, akusisita mimba yolira, ananena mawu anu enieni: “Idyani inu ana anga, ine ndadya kale kumsewu.” Apo ndiye anaseka koposa.

Nditawafunsa ba Yohane chapansipansi, anati ni sewero chabe, anthu amafuna voseketsa, ndipo munthu wa giledi seveni ngati ine sangamvetse zolembalemba. Amayi, msana wanuwo unapindika ndi chiyani? Si miyala yomwe inawapititsa iwowo ku sekondale? Lero pensulo yawo yakusandutsani chidole.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi Tiyese. Titafika kunyumba anatola khala, n'kudzilemba m'masaya, n'kumawerama, ati ndine ambuya opusa aja. Sakukumbukirani. Ambuya ake amene akuwadziwa ndi a pamsika.

Makalawo sindinamupukute. Ndinamukhazika pamiyendo n'kuwongola mizereyo kuti ikhale bwino monga inalili yanu. Ndinamuuza kuti mwini wake wa mphinizo ankagona ndi njala kuti ine ndidye.

Dzulo ndinapita ku Mtendere kwa ba Yohane. Chitenje chanu ndinachipeza pachingwe, ndinachichotsa osapempha munthu.

Loweruka likubwerali asewera kachiwiri. Ndikavala chitenjecho, ndikakhala kutsogolo ndi Tiyese. Akakangonena kuti mwadya kale kumsewu, ndikaimirira n'kuuza msika wonse m'Chichewa chanu chomwecho kuti simunadye.

Ndalonjeza, Amayi.

Ndine mwana wanu wosalankhula uja, wokukondani,
Enelesi