Nsalu ya Maluwa a Buluu Yapita kwa Asiyatu

Achemwali okondedwa,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayo pamodzi ndi alamu. Kuno kwa Mponda tadzuka bwino, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Patani ya siketi imene munatumiza ija inafika. Loweruka lapitalo amuna anga, bambo a Hawa, anatitengera kusitolo ku boma, ine ndi mkazi wawo wamng'ono uja, Asiyatu. Ndinapeza nsalu ya maluwa a buluu, yofewa, yofanana ndendende ndi ya pachithunzi. Ndili chigwirire nsaluyo, iwo anati, "Imeneyo imukhala Asiyatu. Inu amayi tengani yabulauniyi, siionetsa litsiro."

Ndinangoti, "Chabwino."

Telala anatalikitsa masiketi onse awiri kupitirira mawondo, kuopa a chipani amene amaletsa zovala zazifupi. Yanga yakhala ngati thumba la mchere, pamene yake ikuvina yokha akamayenda. Ku ukwati wa dzulo akazi ankamuzungulira kufunsa kumene anapeza patani yotere. Iye ankangoseka, osatchula ngakhale dzina lanu.

Chonde munditumizire nsalu imene kuno kulibe, ndipo paphukusipo mulembe dzina langa lokha. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Mariamu