Ndakhala Ndikuwanamiza Amuna Anga pa Nyimbo Zawo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 58, ndipo pabanja ndakhalapo zaka 33. Nkhani yangayi ena ataimva akhoza kuseka, poti m'nyumba mwathu mulibe ndewu, mulibe mowa, mulibenso za mkazi wina. Koma ine ikundisowetsa mtendere, ndipo woti ndimuuze ndilibe.

Amuna anga, a Dyson, anali mphunzitsi wa kusekondale. Kwathu tonse ndi ku Ntcheu, koma boma linatitumiza kuno ku Mangochi ana athu ali aang'ono. Atapuma pantchito tinangomanga nyumba chakufupi ndi kwa Mponda n'kukhazikika. Bambowa amakonda nyimbo zachikale za ku Ulaya, zija zopanda mawu, zongoimbidwa ndi vayolini, piyano ndi malipenga, zimene iwo amati kilasiko. Anazidziwira kusukulu ya mishoni ali mnyamata, kwa wansembe wina amene ankaphunzitsa kwaya, ndipo kuyambira pamenepo akhala akusonkhanitsa. Ali ndi mbale zakuda za galamafoni, makaseti, masidi, ndipo masiku ano mwana wathu Elsie amawatumiziranso zina pafoni. Kabati imene ndinkati ndiziikamo makapu a alendo inadzaza kalekale.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbo imodzi yomweyo amaifuna itaimbidwa ndi anthu osiyanasiyana. Pali ina ya vayolini imene ali nayo kakhumi ndi kanayi. Titangokwatirana, ali nayo katatu kokha, ndinawafunsa kuti, "Kodi imeneyi si ija mwamvera dzulo?" Iwo anati, "Salimo limodzi lomwelo akamawerenga abusa, kenako awerenge mkulu wa mpingo, kodi mumamva chimodzimodzi?" Zaka zitapita, nanenso khutu linatseguka, ndinayamba kusiyanitsa.

Ali ndi mnzawo mmodzi pa zimenezi, Che Sefu, amene amakonza injini za maboti a asodzi. Anabwera koyamba zaka khumi ndi ziwiri zapitazo kudzatikonzera galamafoni. Atangomvera pang'ono anati, "Mbaleyi ikuzungulira mochedwa, lamba wake watanuka." Atatsegula anapezadi zomwezo. Atakonza sanapite, anakhala pampando mpaka nyimbo inatha, n'kufunsa ngati pali wina amene anaiimba bwino kuposa ameneyo. Ubwenzi unayambira pomwepo. Iwo ndi Asilamu, ife Akhristu, koma Loweruka lililonse akachoka kumzikiti masana amatulukira panjinga yawo. Asodzi amati Che Sefu amadziwa mwini wa boti pongomva kulira kwa injini, botilo lisanaoneke.

Ali ndi masewera awo. Iwo awiri amakhala pakhonde, ine ndimakhala mkati pafupi ndi kabati, zenera lili lotsegula. Ndimasankha imodzi mwa khumi ndi zinayi zija osawaonetsa, ndipo iwo amapikisana kutchula amene akuimba. Poti maina a oimbawo ndi opinda lilime, anawapatsa maina awoawo. Pali Wothamangira Basi, amene amaimba ngati wachedwa ulendo. Pali Mayi Wamaliro, wodekha zedi. Pali Wachifuwa, chifukwa pakati pa nyimbo munthu wina amatsokomola m'holo imene ankaimbiramo. Palinso Wamphuno, amene mpweya wake umamveka akamapuma. Akatchula, ine ndimaweruza kuti "mwalondola" kapena "mwaphonya". Kenako umayamba mtsutso. Che Sefu amati Wothamangira Basi ndi munthu wodziwa kumene akupita. Amuna anga amati ameneyo ndi wopanda ulemu, nyimbo sathamanga nayo ngati katundu woba. Amatsutsana mpaka tiyi kuzizira. Kunena zoona, Aphungu, Loweruka ndilo tsiku limene ndimalikonda kuposa onse.

Vuto linayamba chaka chatha. Bambowa anayamba kuphonya, chinthu chimene sichinkachitika. Anayamba kukweza wailesi. Kutchalitchi amandigwira mkono n'kumafunsa kuti, "Ati chiyani?" Ndikawaitana ndili kukhitchini, pamafunika katatu. Iwo amangoti anthu a masiku ano amayankhulira m'mano.

Loweruka lina ndinaika Wamphuno, wosavuta kwenikweni, poti kupuma kwake kumamveka vayolini isanalire n'komwe. Amuna anga anapendeketsa mutu nthawi yaitali, kenako anati, "Ameneyu ndi Mayi Wamaliro." Anandiyang'ana pazenera paja. Sanandiyang'ane monyada ngati kale, anandiyang'ana ngati mwana wasukulu amene akuopa kuti walemba zolakwa. Pakamwa panga panangotuluka mawu akuti, "Mwalondola." Che Sefu anali atatsegula kale pakamwa. Anatseka, n'kunyamula kapu yawo.

Kuyambira tsiku limenelo papita miyezi isanu ndi iwiri ndikunama. Nyimbo ikatha ndimabweza sidi msangamsanga kuti asaone chikuto chake. Che Sefu nawo anayamba kuphonya dala kuti mnzawo azipambana. Palibe chimene tinapangana, zinangochitika.

Masabata awiri apitawo Che Sefu anabwera amuna anga atapita ku Boma. Anakana kulowa, anaima pachipata atagwira njinga. Anati, "Alamu, ine injini ikamalira molakwika sindimuuza mwini wake kuti ili bwino n'kumusiya apite nayo pakati pa nyanja. Wallahi, Mulungu ndi mboni, Loweruka lililonse ndikumachoka pano mtima ukulemera. Dzana ndinawaona achimwene pamsewu, wanjinga yamoto akuliza hutala kumbuyo kwawo, iwo osatembenuka. Wanjingayo anachita kuwapatukira. Muwauze inu. Mukalephera ndiwauza ine, kapena ndisiya kubwera, chifukwa bodza ili sindingalipitirize."

Ngati zimenezo sizikukwanira, a mpingo awapempha kuti mwezi wamawa akakhale woweruza pa mpikisano wa makwaya a achinyamata ku Chowe. Avomera ndi manja awiri, suti aitulutsa kale kuti ipitidwe mphepo. Ine ndikaganiza kuti akhoza kukapereka chikho kwa kwaya yosokoneza, anthu n'kumanong'onezana iwo osamva, ndimachita mantha kwambiri.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangowauza. Apongozi anga aamuna anagontha atakalamba. Kumudzi anthu ankawanena ali pomwepo, ana ankawasewera, mpaka anasiya kupita kumisonkhano n'kumangokhala kuseri kwa nyumba. Pamaliro awo amuna anga anandiuza kuti, "Amake Elsie, Mulungu akafuna kunditengera kanthu, atenge maso, andisiyire makutu." Mawu amenewo sindinawaiwale. Ndikuopa kuti ndikawauza zoona ndiwalanda chinthu chokhacho chimene amadzitama nacho. Ndikuopanso kuti akadziwa kuti ine ndi mnzawo takhala tikuwanyengerera ngati mwana, sadzatikhulupiriranso.

Kodi ndiwauze, kapena ndiwasiyire Che Sefu poti ndi amuna okhaokha? Kapena ndipite mwakachetechete kwa abusa kuti apeze woweruza wina? Ndithandizeni.

T.K., Mangochi

Mayi T.K.,

Ine sindikuseka. Banja limene pakatha zaka 33 mkazi akadali kudikira Loweruka kuti amvere nyimbo ndi mwamuna wake ndi lofunika kulisamala, ndipo mwachita bwino kulemba.

Ndiyambe ndi chimene simunachione. Amuna anu akudziwa. Munthu amene wakhala akusiyanitsa oimba vayolini khumi ndi anayi sangalephere kuzindikira kuti khutu lake lomwe layamba kuchepa mphamvu. Tsiku lija anakuyang'anani pazenera, linali funso, ndipo inu munayankha mwachifundo koma molakwa. Chotsatira chake, akuluakulu atatu mwakhala pakhonde limodzi miyezi isanu ndi iwiri, aliyense akubisa nkhani imene anzake akuidziwa kale. Amene ali yekhayekha pamenepo ndi bambowo, chifukwa alibe womuuza mantha awo.

Muwauze ndinu, sabata ino. Che Sefu ndi bwenzi lenileni, muwathokoze, muwapemphe akupatseni masiku ochepa. Koma nkhani ya thupi la mwamuna wanu iyenera kuyambira kwa inu. Musasankhe Loweruka, ndipo pasakhale munthu wachitatu. Sankhani m'mawa mutamwa tiyi, wailesi ili yotseka. Khalani moyang'anizana, powala, kuti aziona milomo yanu. Musakuwe, ingoyankhulani modekha. Yambani ndi kulakwa kwanu, osati ndi makutu awo. Nenani kuti, "Bambo, ndakulakwirani. Ndakhala ndikunena kuti mwalondola pamene mwaphonya, chifukwa ndimaopa kukupwetekani." Musawaikire nyimbo n'cholinga chowatsimikizira kuti sakumva. Mayeso otero ndi ochititsa manyazi, ndipo safunika.

Kenako kuchipatala. Ine si dokotala, inunso ayi, ndipo khutu si injini yoti Che Sefu angaitsegule. Nthawi zina limangokhala phula lodzaza m'khutu, limene achipatala amachotsa munthu n'kubwerera kwawo akumva. Nthawi zina ndi matenda, nthawi zina ndi ukalamba. Pitani nawo limodzi, mukapemphe kuti awayeze makutu, ndipo ngati zida zake palibe mufunse kumene angakutumizeni. Pali tizipangizo tovala kukhutu timene tathandiza anthu ambiri. Sindikulonjeza kuti vayolini idzamveka ngati kale, koma mwezi uliwonse umene mukuchedwa ndi mwezi wotayika. Pakadali pano musathire m'khutumo mafuta kapena mankhwala a zitsamba, musatokose ndi nthenga kapena machesi, ndipo wailesi isamakwezedwe mpaka kugwedeza mawindo. Pamsewu aziyenda mbali imene akuona galimoto zikubwera kutsogolo kwawo. Nkhani ya njinga yamoto ija yandiopsa kuposa zonse zimene mwalemba.

Za ku Chowe, kwa abusa musapiteko. Mukatero mukhala mutawachitira zomwe anthu ankawachitira apongozi anu, kuwakambirana ngati palibepo. Akayezedwa, asankhe okha. Akhoza kuuza okonza mpikisano kuti awapezere anzawo ena oweruza nawo, kapena apite ngati mlendo wolemekezeka wokalangiza atsogoleri a makwaya, poti zimene akudziwa n'zambiri. Koma muwakumbutse mofatsa kuti achinyamatawo akhala akukonzekera miyezi, ndipo ayenera kuweruzidwa mwachilungamo. Munthu amene anachonga mayeso moyo wake wonse azimvetsa zimenezo.

Masewera a Loweruka asathe, angosintha. Siyani zobisa. Ikani chikuto patebulo, aliyense adziwe amene akuimba, mtsutso upitirire. Kukangana za wothamanga ndi wodekha sikufuna khutu lakuthwa. Anthu ambiri amene makutu awo akufooka chifukwa cha ukalamba amayamba kutaya mawu ang'onoang'ono okwera, pamene mawu aakulu a besi amakhalitsa. Mufufuze limodzi m'kabatimo, simulephera kupeza nyimbo za zida zolira mozama. Mugulenso kope lachikuto cholimba, azilembamo zimene akudziwa za woimba aliyense, chaka chimene anapeza mbaleyo ndi chifukwa chimene amaikondera kapena kudana nayo. Zimenezo zili m'mutu, sizili m'khutu, ndipo Elsie adzathokoza.

Chenjezo langa ndi ili. Musayembekezere kuti akuthokozani tsiku lomwelo. Akhoza kukana, akhoza kukwiya, akhoza kukiya kabati n'kukhala masiku osakuyankhulani bwino. Apa m'pamene ambiri amagwa, chifukwa mtima umafuna kubweza mawu kuti m'nyumba mubwerere mtendere. Mukangonena kuti, "Mwina ndine ndalakwitsa, mukumva bwinobwino," mwatseka chitseko chimene chidzavute kutsegulanso. Akakwiya asiyeni akwiye, koma inu musadzuke kuthawira kukhitchini. Khalani pomwepo mpaka mtima wawo utsike. M'mawa mwake muwasitire malaya, mutenge buku lawo la kuchipatala, muwauze kuti mwakonzeka.