Nthiti Imodzi M'phiko la Ndege ya Bwana

Al Waab, Doha
6 Meyi 2021

Okondedwa achemwali a Umi,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti mukufunga Ramadhani bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, koma mtima wanga ndi makala okhaokha, ndipo pali chimene ndachita choti muchidziwe.

Mukudziwa kuti kuno ndinabwera ngati dalaivala. Korona itatitsekera m'nyumba chaka chatha, bwana wanga, injiniya wokalamba wopuma pantchito, anadzaza garaja ndi zithunzi za azungu akalekale amene ankafuna kuwoloka nyanja yamchere pa ndege zamatabwa ndi nsalu. Akuti ena anamira, koma iye maso gwa, nayenso afuna yake yoti adzawolokere nyanja mpaka ku Kuwait. Atandiona ndikukonza mpando wothyoka anafunsa kumene ndinaphunzira, ndinati kwa bambo anga a Shaibu, kalipentala wa ku Namwera. Basi, khalasi, makiyi a galimoto n'kundilanda, sowo n'kundipatsa.

Achemwali, miyezi khumi ndakhala ndikupala matabwa. Nthiti za m'mapiko makumi anayi, iliyonse ndinaidula ndekha, kuimata guluu, kenako kukuta nsalu pamwamba. Iye ntchito yake inali kuloza papepala n'kumati "yala, yala!" kutanthauza kuti fulumira. Anzake akabwera ankawauza kuti wapanga ndi manja ake, ine ndine wosesa utuchi. Zimenezo ndinkangomeza.

Chimene chandikanika kumeza ndi cha mu Januwale. Tsiku limene munaimba kuti bambo akubanika, ndinamugwadira munthu uja, ine bambo wa ana awiri, kupempha pasipoti yanga imene ankaisunga m'chipinda mwake. Anati, "Bukura inshallah, Nasibu. Ukapita boma silikulola kubwerera chifukwa cha korona, phiko lamanzere amaliza ndani?" Bukura ndiye mawa m'Chiarabu. Mawa, mawa, mpaka bambo munawaika ine ndikuonera pa foni, guluu ali m'manja.

Tsono malamulo anasintha, munthu akhoza kusintha ntchito popanda kalata ya bwana. Everson, mnzanga wa ku Mulanje amene ndi sekyuriti pa geti, anandithandiza mapepala. Ndinapereka notisi ya miyezi iwiri, pasipoti inatuluka bwana atamva kuti ndikadandaula ku leba. Loweruka ndiyamba pa kampani ya mipando.

Ndege ndinaimaliza, yokongola zedi. Dzulo masana bwana akuisisita ngati mkwatibwi, ndinamuuza kuti, "Mudiri, bwana wanga, sabata imene bambo anamwalira mutu wanga sunali bwino. Nthiti imodzi ndinaika thabwa long'aluka."

Anati, "Iti?"

Ndinati, "Ndaiwala. Mwina ndikumbuka bukura, inshallah."

Mukanamuona nkhope! Anakhala pansi pa simenti. Kuti aipeze ayenera kung'amba nsalu yonse, ndipo manja oti abwezeretse alibe. Kukwera osang'amba, mantha. Lero m'mawa wandilonjeza tikiti ya kwathu ndikamuuza nthitiyo. Ndamufunsa kuti ndikaone ndani, bambo ataikidwa kale.

Tsopano imvani chimene ndikuuza inu nokha. Palibe nthiti yong'aluka. Ndege ija ilibe chilema ngakhale chimodzi, ndikhulupirira ikanawoloka bwinobwino. Ndanama m'mwezi wa Ramadhani, ndipo chisoni sindikuchimva. Akhale nayo m'garajamo, mapiko ali bwino, nyanja ili pafupi, kunyamuka osatheka. Alaweko zimene ndinalawa ine.

Pempho langa ndi ili: zida za bambo musapatse munthu, muzipake mafuta zisachite dzimbiri. Mupereke moni kwa mayi, koma za bodzali musawauze. Moni kwa alamu, kwa mkazi wanga mayi a Imrani ndi ana anga. Alamu akapita kumanda kukachita duwa yopempherera malemu, akaime kumutu kwa bambo m'malo mwanga. Akanene kuti Nasibu anachedwa, koma thabwa loipa sanaikepo, monga anamuphunzitsira.

Ndine mlongo wanu,
Nasibu