Wodzawalandira a Merv ku siteshoni

Lachiwiri

Noeleen 08:12
Dimity mzanga, poti ndiwe wa ku khonsolo undiuze zoona. adadi alandira kalata kt boma likupereka siteshoni ndi kanyumba kawo kwa inu, pangano lokhalamo litha pa 30

Noeleen 08:13
munthu wa zaka 84 alowera kuti? kuno ku Perth ndawaitana mpaka kutopa, sanagonepo kwanga olo tsiku limodzi

Dimity 08:31
ndi zoona. boma latopa nazo nyumba zakale za njanji, likugawira makhonsolo. makhansala avota mawa. akakana, boma litchinga mpanda, a Merv atuluka

Dimity 08:32
sindikubisira, ambiri akuti chiswe chinamaliza kale mmenemo. makamaka khansala mlimi uja, a Hurtle Bray, paja iwo nyumba yopanda tirigu mkati ndi bwinja kkk

Noeleen 08:33
usandiseketse iwe, ndili pa ntchito misozi ili mmaso

Dimity 08:35
injiniya abwera 11 kudzaona denga. ndipita naye

Noeleen 12:50
zayenda bwnj?

Noeleen 14:05
Dimity

Noeleen 15:40
olo ungondiuza kt zavuta pls

Dimity 16:22
[mawu, 1:04] Pepa, netiweki ya kumeneko ukuidziwa. Noeleen, bambo ako ndi munthu wina. Injiniya wakwera kudenga nkhope ili ya maliro, watsika akuseka. Pa mtanda uliwonse analembapo ndi choko tsiku limene anauthira mankhwala a chiswe. Mafelemu amene zinkhwe zinajompha, onse anasintha okha. Wawafunsa kuti anakutumani ndani? Iwo alowa mu ofesi, atuluka ndi buku la siteshoni. Akhala akusayina m'mawa uliwonse chichokere 1988, chaka chimene sitima inasiya kuyenda. Akuti lamulo la njanji ndi limodzi, suchoka pa ntchito mpaka wodzakulandira afike, asayine. Ndiye mpaka lero palibe anabwera.

Noeleen 16:30
ine ndimati amangokasesa potaya nthawi

Lachitatu

Dimity 13:47
asanu kwa anayi. TALANDIRA. a Merv akhala mnyumbamo ngati wosamalira, moyo wawo wonse

Noeleen 13:48
zkm zkm zkm. wachisanuyo ndani?

Dimity 13:51
a Hurtle omwewo. mmawa anakwera okha makwerero kukaona choko. atatsika akuti munthuyu akanakhala wa pa famu yanga tirigu sakanafumbwa

Noeleen 13:52
uwauze ndikabwera masikono awo ndiphika ndekha, ndi jamu womwe

Dimity 15:10
koma pali kavuto. adadi ako akana kusayina pepala lathu. akuti iwo akadali a njanji, sangagwirire mabwana awiri. popanda pepalalo pa 30 atulukabe

Noeleen 15:12
eish ndi omwewo. mutu wouma ngati njanji yomweyo. nde titani

Dimity 15:40
lachisanu kubwera mayi wa boma kudzapereka makiyi. ndawaimbira, ndafotokoza za buku. akuti abwera ndi cholembera chawo

Lachisanu

Noeleen 10:02
wosinthana naye shifiti wasowa, sindibwera. uzinditumizira chilichonse

Dimity 11:15
[chithunzi] taona jekete la yunifolomu, kutentha konseku. mabatani achita kupukuta

Dimity 11:48
[mawu, 0:37] Zatheka. Mayi aja atsegula buku, alemba nthawi, asayina pansi pa dzina la a Merv. Kenako awagwira chanza, amvekere, bambo Pengilly mwaweruka, boma likuthokoza. Iwo angoti chabwino, n'kuvula chipewa. A Hurtle ayamba kuyang'ana kudenga ngati kuli kanthu. Ine ndiye sindinabise, ndalira. Pepala lathu asayina pompo. Nyumba ndi yawo mzanga.

Noeleen 11:55
sindikudziwa ndikuthokoze bwnj. zimene wachita olo mbale wanga weniweni sakanachita

Dimity 11:57
ine ndangoimba foni basi. denga anagwira ndi iwowo

Dimity 12:34
dikira. a Merv andikokera pambali anthu akumwa tiyi, akufunsa ngati wosamalira wa khonsolo amaloledwa tchuthi

Dimity 12:35
ndati inde. akuti ndiye undifunsire kwa Noeleen, basi ya ku Perth imafika nthawi yanji, komanso ngati ali ndi pogona pa masiku atatu

Noeleen 12:36
zaka zonsezi ine ndimati kwanga sakufunako

Dimity 12:37
aima pompano akudikira. ndiwayankhe bwnj?

Dimity 12:44
Noeleen?

Noeleen 12:52
uwauze asakwere basi. ndiweruka 3, ndikubwera kudzawatenga ndekha