Zovala za Osauka

Mudzi wa Chimwavi
Mtakataka
Dedza

26 Okotobala 2024

Okondedwa Achimwene a Anthony,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Mzuzu pamodzi ndi alamu anga a Patricia, ndiponso kuti mwendo uja wasiya kukuvutitsani. Ine ndili moyo. Mwaona kale pamwambapa kumene ndikulembera, ndipo ndikudziwa kuti simunadabwe.

Ndayesa kukuimbirani kangapo konse. Foni yanu imangoitana mpaka kuduka yokha. Tsiku lina anayankha alamu n'kunena kuti mwagona, dzuwa lili paliwombo. Choncho ndabwerera ku cholembera chimene ndinagwira moyo wanga wonse wauphunzitsi, chifukwa kalata simungaidule mawu. Ndikufuna ndikufotokozereni ulendo wanga wa ku Mua kuyambira pachiyambi. Mbali imene munakonza inu mukuidziwa, koma mbali imene ndinaona ine simukuidziwa.

Ulendowu ndinaupempha ndekha, sindikana. Chimwalirire amuna anga a Ezekiele ndakhala ndikuuza mwana wanga Ephraim kuti ndisanafe ndikufuna ndikagwadenso m'tchalitchi cha ku Mua momwe tinabatizidwira inu ndi ine. Chiikire amayi m'manda ndinali ndisanapondeko. Ephraim ankangoti, "Tidzapita amayi, ntchito ikachepa." Ndiye pamene anandiuza kuti wabwereka galimoto ya mnzake, tipita Lamulungu loyamba la mwezi uno wa kolona, ndinavina m'khitchini ngati mwana. Ndinauza amayi onse a mumphakati mwathu, amene timapemphera nawo ku Kawale, ena n'kundipatsa mayina a odwala awo kuti ndikawatchule kumeneko. Loweruka madzulo munaimba inu. Munati, "Mlongo wanga, mukayende bwino, mukatipemphererenso ife." Mawu anu anali osalala, Achimwene. Ndawabwereza m'mutu mwanga kambirimbiri kufunafuna pamene ananjenjemera, sindinapapeze.

Tinanyamuka m'bandakucha, ine, Ephraim ndi mkazi wake Gladys. Mdzukulu wanga Ulemu tinamusiya ali m'tulo, m'manja mwa oyandikana nawo, makolo ake anati njira ndi yaitali kwa mwana wa sitandade wani. Polowa m'galimoto ndinaona kumbuyo kutadzaza matumba akuluakulu, atawafunditsa bulangete.

"Katundu yenseyu ndi wa chiyani, poti tikubwerera lero lomwe?" ndinafunsa.

"Ndi zovala zakale, amayi," anatero Gladys. "Tasonkhanitsa kuti tikapatse osauka kumudziko."

Ndinamugwira paphewa n'kumuuza kuti Mulungu amudalitse. Mumtima ndinadziimba mlandu kuti mpongozi wangayu ndakhala ndikumuganizira zoipa pachabe.

Tinadzera ku Dedza n'kutsika Khwekhwerere, makutu kutsekeka, ine nditagwira kolona uku ndikuyang'ana zigwembe. Titafika pa Golomoti mphepo yozizira inali itatsalira kumtunda, kutentha kwa kwathu kunatilandira ngati munthu. Ephraim anaima pamsika n'kundigulira chakumwa chozizira ndi mango, chinthu chimene sachita. Ndinkaloza milambe m'mbali mwa msewu n'kumauza Gladys mayina a midzi, iye amvekere "eya amayi, eya amayi," maso ali pafoni.

Achimwene, tchalitchi chija chilipobe. Nditatsika m'galimoto n'kuona njerwa zofiira zija, phiri lili kumbuyo kwake, nyenje zikulira m'mitengo, ndinangoima pomwepo. Ndinakumbukira mmene munkandiberekera powoloka mtsinje wa Nadzipokwe madzi akachuluka, nsapato zathu mutaziluma pakamwa kuti zisanyowe. Ndinalowa ngati mlendo, poti nkhope zonse zinali zachilendo, koma ng'oma zitayamba, nyimbo zinabwera zokha pakamwa panga. Ndinagwada n'kutchula mayina onse amene anandituma. Ndinatchula amayi, abambo, a Ezekiele. Ndinatchula inu ndi mwendo wanuwo. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mwana wokumbukira mayi wake. Itafika nthawi yopatsana moni wa mtendere, Ephraim anagwira dzanja langa ndi manja ake awiri, m'maso mwake muli misozi, n'kunena kuti, "Mtendere, amayi." Ine ndinkayesa kuti Misa yamukhudza.

Misa itatha anandiyendetsa ponseponse. Tinalowa m'nyumba zosungiramo za makolo zija, tinakaona anyamata osema, n'kundigulira chifanizo cha Amayi Maria chosemedwa pa mtengo wakuda. Ankandijambula paliponse, pakhomo pa tchalitchi, pamasitepe, pansi pa mtengo. "Sekani amayi, china chomaliza." Ndinaseka m'zithunzi zonsezo. Ndikudziwa kuti anakutumizirani.

Kenako anati tikapereke moni kwa Edna, mwana wa amayi aang'ono, poti tafika kale pafupi. Ndinakondwera. Tikulowa m'mudzi ndinkayembekezera kuona nyumba ya amayi itagwa, monga ndinkamvera. Koma ndinaipeza ikunyezimira malata atsopano, chitseko chatsopano, khonde lozira bwino.

"Edna, wakonza nyumbayi ndani?"

"Si achimwene anu a ku Mzuzu aja? Anatumiza malata mu Ogasiti," anatero akuseka.

Nanenso ndinaseka. Ndinati nkhalamba ija yatopa ndi kuzizira kwa kumpoto, ikufuna kubwerera kwawo mwakachetechete.

Edna anali ataphika mpunga wa nkhuku. Titadya, ndinaona Ephraim ndi Gladys akutsitsa matumba aja n'kumalowetsa m'nyumba ya amayi. Thumba lina linakodwa pachitseko n'kung'ambika. Munatuluka juzi yanga yobiriwira. Kenako nsapato zanga zina za kutchalitchi. Ndinaimirira n'kukatsegula lachiwiri ndi manja anga. Munali beseni langa, mabuku anga a nyimbo, ndi chithunzi cha a Ezekiele atachikulunga m'nsalu yanga yofunda. Anazilongedza Loweruka masana, ine nditapita kukalapa kuti ndikafike ku Mua ndi mtima woyera.

"Ephraim, osauka aja ndine?"

Anagwada pansi, pafumbi pomwepo, ndi buluku lake la Lamulungu. "Amayi, mutsala kuno. Ndi kwanu kuno, kuli abale, kuli mpweya wabwino. Ife m'tauni timachoka m'mawa, simukhala ndi wokuyang'anirani."

"Nyumba ya ku Kawale anamanga bambo ako ndi ine. Iwe unabwera ndi mkazi wako kudzakhala ndi ine. Lero ukunditulutsamo?"

"Sitikukutulutsani, amayi."

"Nanga Ulemu akamutenga ndani kusukulu mawa?"

Anayankha Gladys, chapansipansi. "Tapeza mtsikana, amayi. Ayamba mawa lomwelo."

Ndinati nkhani imeneyi sithera pano, ndiimbira amalume ake, mwini mbumba, amve zimene mwana wa mlongo wawo wachita. Ndinali nditatulutsa kale foni. Pamenepo Ephraim anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Amalume akudziwa. Ndi iwowo anati tisakuuzeni, chifukwa mukana. Za ulendo wa kutchalitchiwu anaganiza ndi iwo."

Ndinaimbabe. Foni yanu inali yozima.

Sindinakuwe, Achimwene, musaope, sindinakuchititseni manyazi pamudzi. Ndinakhala pansi pakhonde. Ephraim anayankhula zambiri zimene sindinazimve, za kubwera mwezi uliwonse, za mankhwala anga a shuga. Anafuna kundigwira dzanja, ine ndinalibisa m'chitenje. Galimoto itazimirira kuseri kwa milambe, ndinazindikira kuti chifanizo chija ndinali ndidakachigwira.

Tsono ndinene mbali yanga, poti ndikudziwa zimene anakuuzani. N'zoona kuti mu Julaye ndinapita kukatenga Ulemu kusukulu, pobwerera njira inandisokonekera, anatipeza titakhala pachigayo dzuwa litapendeka. Mwanayo sanalire, ndinamugulira zitumbuwa, tinkacheza. N'zoonanso za simbi ija ndinaisiya pa malaya a Ephraim, koma inapsa ndi malaya okha ndi kangodya ka tebulo. Kodi inu simunaiwalepo kanthu? Pali zina zing'onozing'ono zimene sanazione, zimenezo ndi za ine ndi Mulungu wanga. Masiku ena dzina la munthu limandithawa ali patsogolo panga, ndipo ndimachita mantha kuposa mmene Gladys amachitira. Ndinkafuna kukuuzani inu, inu nokha, mukadzabwera pa Khirisimasi. Ndinkati munthu amene ndinayamwa naye bere limodzi adzandiuza chochita popanda kundiseka.

Mukanabwera n'kukhala nane pansi n'kunena kuti, "Tereza, mutu wako wayamba kutopa, tiye kumudzi," ndikanalira. Mwina ndikanakutukwanani, mwina ndikanakana mpaka mvula itagwa. Koma mapeto ake ndikanalongedza ndekha. Ndikanagawa maluwa anga kwa oyandikana nawo. Ndikanatsanzika amayi a mumphakati, amene mpaka lero akudikira kuti ndikawauze mmene ndinayendera. Ndikanapita kumanda kwa a Ezekiele kukawauza kuti ndikupita kutali. Inu munandilanda zonsezo, ndipo munagwiritsa ntchito nyumba ya Mulungu ngati nyambo. Pa zinthu zonse zimene ndimakonda, munasankha chimene munkadziwa kuti sindingachikayikire.

Edna musamuwerengere m'gulu lanu. Atamva mayankhulidwe athu tsiku lija anakhala pansi n'kuyamba kulira kuposa ine. Anati, "Achemwali, ine anandiuza kuti mwapempha nokha. Ndinazira khondeli ndikuimba." Iyenso munamunamiza. Amandisamala bwino. Amabwera m'mawa kudzaona ngati ndamwa mankhwala, amanamizira kuti wabwera kudzapempha moto. Anthu a pamudzi amabwera kudzandilonjera, amvekere, "Mwachita bwino kukumbukira kwanu, aphunzitsi." Ine ndimangoti zikomo.

Lamulungu lapitali ndinakwera kabaza kupita ku Mua. Sindinalandire Ukaristia, ndipo sindinalandirepo chichokereni Ephraim, chifukwa mtima wanga suli bwino ndi inu, ndipo sindifuna kunamiza Mulungu m'nyumba imene ndinanamizidwiramo ine. Pa moni wa mtendere ndinapereka dzanja kwa mtsikana amene anali pambali panga, koma pakamwa panga sipanatuluke mawu. Misa itatha ndinakhala pamthunzi kudikira kuti dzuwa lichepe. Panali basi ya amayi ochokera ku Blantyre amene anabwera kudzapemphera, onse m'chitenje chimodzi, akuseka, akujambulana. Mmodzi anabwera kwa ine ndi foni yake.

"Amayi, ndinu a konkuno? Tatijambulani tonse pamodzi."

Ndinalandira foniyo. Kenako ndinati, "Eya, ndine wa konkuno," n'kuwajambula.

Pakati pawo panali gogo wina woyendera ndodo, wamkulu kuposa ine, amene mwana wake ankamugwira mkono. Itakwana nthawi yonyamuka ndinaimirira n'kusendera pafupi ndi basi ija. Wakabaza wanga ankandiitana. Sindinachoke mpaka nditaona gogo uja atakwera, atakhala pampando, chitseko chitatsekedwa. Anandibayibitsa pawindo, osadziwa chimene ndinaimira pamenepo.

Tsono zopempha zanga ndi izi. Magalasi anga owerengera anatsala pawindo la kuchipinda kwanga, olongedza aja sanawaone, n'chifukwa chake zilembozi zikukwera ndi kutsika. Muuzeni Ephraim awapatsire munthu wodalirika, poti ine foni yake sindikuyankha. Chachiwiri, mubwere. Musatume munthu, musatumize chinthu china chilichonse, malata akwana. Mwendo ukuwawa, ndikudziwa, koma basi ya kunyanja imadutsa pa Mtakataka pomwepa. Mudzakhale pakhonde la amayi, mudzandiyang'ane m'maso, mudzanene ndi pakamwa panu zimene munaona kuti sindiyenera kuzimva. Mukatero ndidzapita kukalapa, ndidzalandiranso. Musachedwe kwambiri, Achimwene. Ndikufuna mudzandipeze ndikukumbukirabe chimene mukupepesera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Patricia, muwauze kuti sindikuwasungira kanthu, ananena zimene anauzidwa. Moni kwa ana anu Wongani ndi Chifuniro ndi mabanja awo, Mulungu awapatse mtima wofunsa bambo awo asanawakonzere ulendo. Edna akuti moni sapereka mpaka mutabwera.

Mukamayankhula ndi Ephraim, mumuuze kuti mtsikana wantchitoyo adziwe kuti Ulemu akayamba kutsokomola usiku asamugoneke chagada, amukhazike tsonga n'kumusisita pamsana mpaka mpweya utabwerera. Komanso sadya mazira, amamutulutsa zidzolo. Sindikudziwa chimene anamuuza mwanayo atadzuka n'kupeza bedi langa lopanda zofunda. Chilichonse chimene anamuuza, ndikupempha chimodzi chokha: asamuuze kuti agogo ake anachoka mwa kufuna kwawo osamutsanzika.

Ndine mlongo wanu yekhayo,

Tereza